Mizere Inayi ya Kumpanda

Abwana ananjuta pakati pa mizere ya mbande za mango, magalasi atawakankhira pamphumi, n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Anali atangofika kumene kuchokera ku ulendo wa mwezi wathunthu, ndipo asanalowe n'komwe mu ofesi anafuna kuona mbande zimene zinamezanitsidwa iwo kulibe. Pensulo, kapitawo wa nazaleyo, anaima kumbuyo kwawo atakumbatira buku lake.

Mizere isanu ndi umodzi yoyambirira sinali yosangalatsa. Apa kanthambi kaphuka, apo kafota, apo kada bii ngati kawauka ndi moto. Abwana ankangopukusa mutu n'kumasendera kutsogolo. Koma atafika pa mizere inayi ya kumpanda anaimirira, n'kuwomba m'manja.

"Eee, koma iyi ndiye ntchito! Taonani masamba akewo! Mbande mazana awiri, zouma zisanu ndi ziwiri zokha?" Anatembenuka n'kumusisita Pensulo paphewa. "Mwana iwe, dzanja lako lakhwima tsopano. Uko unkaphunzira, koma kuno wafikapo. Sindinalakwitse kukupatsa ukapitawo."

Apa ndi pamene Pensulo anayenera kutsegula pakamwa. Anatseguladi, koma mawu amene anatuluka anali akuti, "Zikomo, abwana."

Chapafupi pomwepo panali Amake Mapasa, kheni ili m'manja, akuthirira. Madzi anasiya kutuluka mu kheni muja kwa kamphindi, kenako anayambiranso. Mayiwo sanadzutse mutu. Kuseri kwa shedi, wilibala ya a Wilibala imene inkalira kwii kwii tsiku lonse nayonso inangoti zii.

Mizere inayi ija sinali ya Pensulo, ndipo pa nazale yonse, abwana okha ndi amene sankadziwa zimenezo.

Pensulo analowa ntchito pamenepo zaka zoposa ziwiri m'mbuyomo, atangomaliza kosi ya miyezi isanu ndi umodzi ya ulimi wa zipatso. Dzinali anamupatsa ndi a Wilibala, bambo wachikulire wotuta dothi ndi manyowa, chifukwa mnyamatayo anali wowonda, wamtali, ndipo kukhutu kwake sikunkasowa pensulo. Kapitawo wakale atasamuka, abwana, mayi amene anapuma pa ntchito yauphunzitsi n'kutsegula nazaleyo, anasankha iyeyo. Anali wamng'ono pa onse, koma ndiye yekha anali ndi satifiketi.

Tisamunamizire, Pensulo sanali waulesi ndipo sanali wankhanza. Vuto lake linali mantha. Ankaopa kuti akapanda kuoneka kuti akudziwa zonse, anthu akuluakulu awiri aja amudelera. Ndiye sabata yoyamba yomweyo anamata pepala pachitseko cha shedi. A Wilibala, kututa dothi ndi kudzaza machubu. Amake Mapasa, kuthirira ndi kuzula udzu. Kapitawo, kumezanitsa. Mpeni womezanitsira, umene unalipo umodzi wokha, ankautsekera m'kabati, kiyi n'kumuvala m'khosi.

"Mpeni umenewu ukukhala bwino kuposa ine," a Wilibala ankatero. "Uli ndi chipinda chakechake, loko, ndi mlonda wa satifiketi."

Kenako kunabwera mlimi wina wofuna mbande zomezanitsa mazana asanu, ndipo abwana asananyamuke anasiya ntchitoyo m'manja mwa kapitawo wawo. Pensulo anaigwira yekha, m'mawa mpaka madzulo, dzuwa likuswa mtengo. Atafika pa mazana atatu, mpeni unaterereka n'kumutema chala chachikulu. Kuchipatala anamusoka, n'kumumanga bandeji yaikulu ngati chibonga. Atabwerera ku nazale anapeza tinthambi timene anadula tili mu ndowa, tikuyamba kufota.

"A kapitawo, bwanji ndiyeseko?" anatero Amake Mapasa.

Pensulo anaseka. Inde, anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunadzamuwawa pambuyo pake kuposa chala chija. Koma poti panalibe kuchitira mwina, anavula kiyi m'khosi. Mayiwo anagwira ntchitoyo m'mawa mokhamokha, masiku atatu, ndipo pa tsiku lachitatu anapukuta mpeni, kuubweza, n'kukatola kheni yawo. Pensulo anabwezera mpeni uja m'kabati osafunsa kalikonse.

Tsiku limene anayamikiridwa lija, Lachiwiri, abwana anamuitanira mu ofesi. Kaofesiko kanali kopanikiza: tebulo limodzi, mipando iwiri, matumba a mbewu pakona, ndi kalendala yakale imene palibe ankaichotsa. Patebulo panali chithunzi cha mapaipi.

"Lolemba kukubwera anthu odzaika mapaipi othirira," anatero abwana. "Ukangotsegula mpopi, mizere yonse yamwa. Ndiye kheni yatha ntchito. Sizikundisangalatsa, koma sindingasunge anthu awiri pa ntchito ya munthu mmodzi. Iwe ndiye umakhala nawo. Pofika Lachisanu undilembere dzina la amene tingamupumitse."

Pensulo anamva ngati mpando wamira. "Abwana, Amake Mapasa ndi olimbikira kwambiri. Sachedwa, sadandaula."

"Ndikudziwa. Koma kulimbikira kuthirira, mapaipi alimbikira kuposa iwowo. Pakanakhala wina wodziwa kumezanitsa ngati iwe, bwenzi nkhani ili ina. Mlimi uja ali ndi anzake ofuna mbande zambirimbiri, ine n'kumawakana chifukwa dzanja lilipo limodzi. Alipo mwa awiriwa amene angathe?"

Kachiwiri khomo linatseguka, ndipo kachiwiri Pensulo analiyang'ana n'kulilambalala. Akananena kuti alipo, abwana akanafunsa kuti wadziwa bwanji. Akanayankha zimenezo, mizere inayi ikanabwerera kwa mwini wake, iye n'kutsala ndi isanu ndi umodzi yofota ija. Kapitawo wanji woposedwa ndi wothirira?

"Ndiganizire kaye, abwana," anatero.

Kunyumba nakonso zinthu sizinamuyendere. Pensulo ankakhala ndi amayi ake m'nyumba ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa mdadada wa nyumba za lendi. Mayiwo ankasita zovala pa hotela ina, ndipo chuma chawo chonse padziko lapansi chinali mwana wawoyo. Atamuona akulowa nkhope ili yakugwa anaganiza kuti wakalipiridwa, ndiye pofuna kuwatonthoza iye anawauza za kuwomba m'manja kwa abwana. Uku kunali kulakwitsa kwachitatu. Tiyi asanawire n'komwe, amayi ake anali kale pa mpopi wa panja, ndowa yopanda kanthu ili m'manja, mawu ali m'mwamba.

"Mazana awiri, anzanga, zouma zisanu ndi ziwiri zokha! Ndi chala chomangidwa! Ndinkanena ine kuti mwana ameneyu ali ndi manja a malemu bambo ake."

"Amayi, lowani, tiyi akuzizira," anakuwa Pensulo ali pakhomo.

"Amva manyazi," mayiwo anauza anzawo monyadira. "Sakonda kutamidwa. Anabadwa choncho."

Buledi wa tsiku limenelo Pensulo anangomusiya m'mbale. Anadzimva wakuba, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti katundu wakubayo tsopano anali atamusenzetsa mayi ake omubereka.

Lachitatu anaganiza zokonza zinthu mwakachetechete. Anati mumtima, ndikangodziwa mmene amachitira, mizere yotsatira idzaphuka, bodza lija lidzasanduka zoona. Anapita kumpanda n'kumasula pulasitiki pa mbande imodzi. Podulapo panali posalala ngati pagalasi, kanthambi katalowa m'tsinde ndendende, khungwa kukhudzana ndi khungwa. Anamasula imodzi mwa zake. Panali mabandemabande, timipata tolowa mphepo, pulasitiki yomangidwa mothamanga. Anakhala pamenepo nthawi yaitali.

Kenako anayenda chozemba mpaka pamene Amake Mapasa ankazula udzu.

"Amayi, kodi tsiku lija, tinthambi tija munkatikulunga m'chiyani?"

"M'nsanza yonyowa."

"Nanga podula, mumayamba cha kuti?"

Mayiwo anakutumula dothi ku mizu ya udzu, n'kuuponya mu ndowa. Anali munthu wochepa thupi, wa manja okhakhala, wosakonda zolankhulalankhula. Mwamuna wawo anachoka mapasa ali akhanda, ndipo tsopano anawo anali mu sitandade sikisi.

"Ine ndine wothirira, a kapitawo," anayankha mofatsa. "Zalembedwa pachitseko paja."

Sanakweze mawu, sanamuyang'ane moipa. Bola akanamutukwana, Pensulo akanapeza pokwiyira. Anabwerera ku shedi.

Nkhani ya mapaipi inali itamveka kale, poti galimoto inadzatsitsa mitolo yake pageti. Lachinayi masana a Wilibala anamupeza kapitawo wawo atakhala pa thumba la manyowa, pepala lili pabondo, pensulo ili m'kamwa.

"Mukudya pensulo, a kapitawo? Kunyumba kwavuta?"

Pensulo sanaseke. Bambowo anatsamiritsa wilibala yawo kukhoma, anavula chipewa, n'kukhala pa chidebe moyang'anana naye.

"Tamverani, mwana wanga. Ndikudziwa chimene chikukuvutani. Lembani ine."

"Aaa, bambo, musatero."

"Ndatero kale. Ana anga ndi akuluakulu, wina ndi dalaivala, wina anakwatiwa. Ine ndikapuma ndizikasowetsa mtendere akazi anga kunyumba, nawonso aone zimene mwakhala mukuziona inu. Koma mayi aja ali ndi pakamwa pawiri pofuna kudya, ndi mapazi anayi ofuna nsapato. Lembani ine, iwo atenge wilibala. Ndi yolira, koma imayenda."

Pensulo anayang'ana pansi. Munthu amene sanalakwe kalikonse anali wokonzeka kutaya ntchito yake, pamene iye, wolakwa, ankakakamira ulemu umene sunali wake.

"Bambo, bwanji simunawauze abwana tsiku lija? Munalipo."

"Ine?" A Wilibala anavala chipewa chawo. "Papepala lanu lija palibe pamene munalemba kuti a Wilibala, kulankhula. Komanso mawu amenewo ndi anu. Ndikakunyamulirani ine, mudzayenda bwanji pano?"

Anadzuka, n'kukankha wilibala yawo, kwii kwii, kulowera kudzenje la manyowa.

Madzulo a tsikulo, poweruka, Pensulo anaona Amake Mapasa akutsuka kheni mosamala kuposa masiku onse. Anaipachika pa msomali, anatenga kapu yawo ndi nsapato zakale zimene ankasiya m'shedi, n'kuziika m'jumbo. Iye anaona zonsezo, anamvetsa tanthauzo lake, koma anangoti, "Tionana mawa, amayi." Mayiwo anati, "Zikomo," n'kutuluka pageti.

Lachisanu m'mawa Pensulo analowa mu ofesi pepala lili m'manja. Abwana analitembenuza uku ndi uku.

"Palibe dzina apa."

"Abwana, ndili ndi mawu." Mawuwo anatuluka mopyapyala ngati a mwana wa sukulu. Anakhosomola, n'kuyambiranso. "Mizere inayi ya kumpanda ija si yanga. Anamezanitsa ndi Amake Mapasa, ine nditadzitema. Yanga ndi isanu ndi umodzi ija, yofota ija. Munandiyamikira, ine n'kulandira, iwo ali pomwepo. Munandifunsanso muno ngati alipo wodziwa, ine n'kubisa. Ndinalakwa, abwana."

Abwana anavula magalasi, n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. Zaka makumi atatu za m'kalasi zinawaphunzitsa kuti chete amalasa kuposa ndodo, ndipo anamusiya mnyamatayo aime m'chetemo mpaka thukuta litayamba kutsika m'khosi.

"Anaphunzira kuti?"

"Sindikudziwa, abwana."

"Sunawafunse?"

"Ayi."

"Miyezi isanu uli kapitawo, anthu ako ndi awiri okha. Awiri! Ine ndinkakhala ndi ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi, koma ndinkadziwa woimba, wothamanga ndi wojambula pakhoma la chimbudzi." Anapumira m'mwamba. "Mbande zofota sizikundiwawa, mwana iwe. Dzanja limaphunzira. Chikundiwawa n'chakuti ndakhala ndikubweza makasitomala pageti, dzanja labwino lili pompano likunyamula kheni. Nanenso ndili ndi mbali yanga, ndinayang'ana satifiketi n'kusiya kuyang'ana anthu. Kawaitane."

Pensulo anathamangira panja. Kumizere kunalibe munthu. Kheni inali pa msomali pomwe paja, youma.

"Sabwera," anatero a Wilibala, osaseka ulendo uno. "Anati palibe chifukwa chodikira kuti auzidwe pamaso pa anthu. Apeza ganyu yochapa zovala."

Atabwerera ndi uthengawo, abwana anamubwezera pepala lopanda dzina lija.

"Pita ukawatenge. Akabwera, ndivomera maoda aja ndipo palibe amene achoke. Akakana, dzina lolemba apa ukulidziwa."

A Wilibala ndi amene anamulongosolera njira, poti kapitawoyo sankadziwa n'komwe kumene wantchito wake ankakhala. Anakwera minibasi mpaka pa siteji yomaliza, anadutsa pa chigayo, anawoloka ngalande pa thabwa, n'kulowa m'kanjira kopanikiza pakati pa mipanda ya malata. Nyumba ya mayiwo inali yachitatu, ya chitseko chobiriwira. Kuseri kunkamveka kukhuta kwa zovala m'beseni.

"Odi!"

"Alowe, azungulire kuseri kuno."

Amake Mapasa anali atawerama pa beseni lalikulu, thovu lili m'zigongono, mulu wa mabulangete a eni ake uli pambali. Atamuona sanadabwe. Anamulozera kampando ndi chibwano, n'kupitiriza kuchapa.

Pensulo sanakhale, chifukwa maso ake anali atakodwa pa mtengo umene unali pakona pa bwalolo. Tsinde lake linali la mandimu, koma nthambi ina inali italemedwa ndi malalanje, ina manachesi. Thupi lonse la mtengowo linali zipsera zokhazokha, zina zakale zopola, zina zatsopano zomangidwa ndi timizere ta majumbo a shuga. M'munsi mwake munali zitini ndi mabotolo odula pakati, chilichonse chili ndi kambande ka mango komangidwa bwinobwino.

"Amayi, zonsezi ndi inu?"

"Ndi ine ndi lezala. Zaka zinayi. Ndinkaonera kapitawo wakale uja ndikamathirira pafupi, ndikafika kuno n'kumayesa. Chaka choyamba zinauma zonse. Eni nyumba ankati ndikuwaphera mtengo." Anafinya bulangete. "Koma simunabwerere mtengo."

Pensulo anavula kapusi yake. Mawu onse amene anakonza mu minibasi anabalalika, n'kutsala ochepa okha.

"Ndawauza abwana zoona. Zonse. Ndinakuberani ntchito yanu inu mukuona, amayi, ndipo ndinatsala pang'ono kukuchotsetsani ntchito kuti bodza langa lisaululike. Ndikhululukireni. Abwana akuti mubwerere, muzikamezanitsa."

Mayiwo anayanika bulangete pa chingwe, analikoka m'makona, n'kutembenuka.

"Ndikakana?"

Pensulo akanatha kunena kuti palibe kanthu, kuti aoneke wabwino. Koma mabodza anali atamukwana.

"Mukakana, ndichoka ndine."

"Ohoo. Ndiye mwabwerera ine kapena mwabwerera ukapitawo wanu?"

"Poulula sindinkadziwa kuti atero. Koma panopa, kunena zoona, ndabwerera zonse ziwiri. Ndikuopa, amayi."

Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo, Amake Mapasa anamuyang'ana m'maso. Anapukuta manja pa epuloni yawo n'kukhala pa kampando kamene iye anakakana kaja.

"Tsiku limene abwana ankawomba m'manja lija, ndinabwera kuno ndikulira ngati mwana. Mapasa anandifunsa kuti amayi mwamenyedwa? Ndinati ayi, ndi utsi. Dzulo lake ndinali nditawauza kuti mawa abwana akaona ntchito ya amayi anu. Koma ndikuuzeni, a kapitawo, zimenezo zinandiwawa tsiku limodzi. Mantha ndimawadziwa, munthu amagwira chilichonse. Chimene chinandiwawa mwezi wonse ndi tsiku limene ndinakubwezerani mpeni. Munaona ndi maso anu mmene ndinadulira. Ndinkadikira kuti mufunse kuti kodi amayi, munaphunzira kuti? Inu munangotseka kabati."

Pensulo anamva misozi ikuwotcha m'maso.

Mayiwo anadzuka, anathyola kanthambi ka ndimu, anatulutsa lezala pa kashelefu ka pawindo, n'kumupatsa zonse ziwiri.

"Dulani ndione."

Iye anagwira kanthambi kaja, chala chopola kumene chikunjenjemera, n'kuyamba kusema. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi.

"Basi, basi, mwapha! Mukudula ngati mukusenda mbatata." Anamulanda, anatembenuza kanthambiko, n'kukoka lezala kamodzi kokha, fyuu. Podulapo panawala. "Kamodzi. Mukabwereza mwapanga mabande, mphepo yalowa. Ndipo dzuwa likakwera, siyani, mtengo nawo umatopa. Kusukulu kwanu sanakuuzeni?"

"Anatiuza. Koma tinayesa kawiri kokha, kenako mayeso."

"Kawiri!" Mayiwo anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Ndiye mwakhala mukuvutika nokhanokha ndi kiyi m'khosi, osanena? Mwana womvetsa chisoni inu."

Kuseka kumeneko kunamupepukitsa pang'ono, koma sanayerekeze kufunsa ngati abwerera ku ntchito. Anangoima, kapusi ili m'manja, mayiwo n'kubwerera pa beseni lawo.

"Mabulangete awa ndinalonjeza, ndiwamaliza lero ndi mawa. Lolemba ndibwera. Koma mukawauze abwana agule mipeni ina iwiri. Wa m'kabati uja uzikhala wanu, poti munazolowerana."

"Iwiri, amayi?"

"Wanga ndi wa achikulire aja."

"A Wilibala? Amadziwa kumezanitsa?"

"Kumezanitsa sadziwa, koma aphunzira sabata imodzi, manja awo sanjenjemera ngati anuwa. Bambo amene aja anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu m'munda waukulu wa zipatso. Akangoyang'ana tsamba amakuuzani chimene mtengo ukudwala. Mbande zanu zija zitayamba kuda, anandiuza tsiku lomwelo kuti mpeni sukupukutidwa, ukutenga matenda pa mtengo wina kupatsira wina."

"Ndiye bwanji sanandiuze?"

Amake Mapasa anamiza bulangete lina m'madzi, n'kumuyang'ana cham'mbali.

"Munawafunsa?"

Pobwerera sanadikire kuti minibasi idzaze. Anayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, n'kukwera ina. Ankadziwa kuti madzulo kukumudikira ntchito ina yowawa, yokawauza amayi ake kuti nkhani imene anaifalitsa pa mpopi ija ili ndi mwini wake. Koma imeneyo inali ya madzulo.

Atafika ku nazale anapereka uthenga kwa abwana, kenako analunjika kudzenje la manyowa. A Wilibala anali mkati, fosholo ili m'manja. Pensulo anatsikira momwemo ndi nsapato zake zopolisha, n'kukhala pamphepete.

"Bambo, ndamva kuti munagwirapo ntchito m'munda wa zipatso."

A Wilibala anazika fosholo m'manyowa, anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula, kenako anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Zaka ziwiri ndi miyezi isanu," anatero. "Ndimati mwina ndidzafa musanafunse. Khalani bwino, a kapitawo, ndipo mutulutse buku lanulo. Nkhani yake ndi yaitali."